Khoswe Akakhala pa Mkhate

Chaka china, ndikuphunzitsa pa sukulu ina ya kumudzi, adandipeza m'mamawa mnyamata amene ndidamphunzitsa kale m'Sitandade 8. Adali atamaliza Folomu 4, ndipo sabata imeneyo adali ataitanidwa ku tauni kuti akayesedwe ntchito ya ukalaliki. Atakhala pansi, ngakhale moni sadauyankhe bwino. Adangotulutsa envelopu m'thumba naiika pa tebulo. M'menemo mudali setifiketi yake, koma mbali imene padali dzina lake ndi nambala ya mayeso idali itadyedwa, m'mphepete mwatsala manomano ngati a sowo. Adaisunga m'sutikesi ya makatoni kunsi kwa bedi, pamodzi ndi kathumba ka mtedza wa mbewu. Khoswe adadzera mtedzawo, ndipo pepalalo adaling'amba kukayalira ana ake.

Mkwiyo wa mnyamatayo udali womveka. Madzulo a tsiku lomwelo adapita pa msika nagula timibulu takuda tomangidwa m'kapepala kopanda dzina, natisakaniza ndi mkute, naika m'ngodya zonse za nyumba ya mai ake. M'masiku atatu adatola makoswe anai. Adatolanso mphaka wa pakhomopo ataumira kuseri kwa khitchini, ndi thadzi limene lidasiya anapiye asanu ndi awiri. Tsiku lachinai mlongo wake adapeza mwana wokwawa atafumbata kambamu ka nsima ija, ali pafupi kukaponya m'kamwa. Mwai wake, mai wa mwanayo adaona msanga. Patapita miyezi iwiri makoswe adali kuthamangitsana padenga monga kale, ndipo tsopano padalibe mphaka wowaopseza.

Makolo athu adati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Mwambiwu timauponya pa milandu, pamene wolakwa ndi mbale wathu amene tikamlanga tidzipweteka tokha. Koma amene adaupeka adayamba waona khoswe weniweni atakhala pa mkhate weniweni, mwini nyumba chibonga chili m'manja, akulephera kuponya. Khoswe wa m'nyumba amakhala pakati pa zinthu zimene sitifuna kuziswa, zomwe ndi chakudya chathu, ziweto zathu ndi ana athu. Wofuna kuthana naye ayambe wamtsitsa pa mkhatepo, ndiye kuti amlande chakudya, njira ndi pogona. Kupha kumadza pambuyo.

Timdziwe mdaniyo

M'Chichewa timasiyanitsa mbewa ndi khoswe. Mbewa ndi za kutchire ndi kumunda: mende wa m'madambo, chitute wotutira chakudya m'masaya, phanya, kapuku ndi zina zotero. Izi ndi ndiwo, ndipo aliyense woyenda pa msewu wa ku Lilongwe kupita ku Blantyre m'nyengo ya chilimwe amaona anyamata atakweza mipani m'mbali mwa msewu. Khoswe ndi wa m'nyumba, ndipo ameneyu sitimuika pa mpani.

Khoswe amene amatisowetsa tulo, akatswiri a zamoyo amamutcha Rattus rattus. Kwawo kwenikweni ndi ku India ndi maiko oyandikana nawo, ndipo adafalikira pa dziko lonse pobisala m'zombo ndi m'katundu wa amalonda. Mchira wake ndi wautali kuposa thupi lake, makutu ake ndi aakulu, ndipo pa zokwera palibe womposa. Nchifukwa chake amakonda denga la udzu, siling'i ndi pamwamba pa chipupa. Wina woyenera kumsamala ndi kapuku, Mastomys natalensis. Iyeyu ndi mbewa ndithu, koma ndi mbewa ya makomo awiri. Amakhala kumunda, tsono dzinthu zikakololedwa, tchire likapsa, kapena una wake ukadzaza madzi, amasamukira m'nkhokwe ndi m'nyumba. Wamkazi ali ndi mawere ochuluka, mwa ena ofika 24, ndipo kuswa ana oposa khumi nthawi imodzi si chachilendo kwa iye.

Pali makhalidwe atatu a khoswe amene munthu akawadziwa wapambana theka la nkhondo. Loyamba ndi lakuti mano ake akutsogolo amakula moyo wake wonse, kotero amatafuna chilichonse: chitseko, sopo, ndowa ya pulasitiki, ngakhale mawaya a magetsi, zimene zingathe kubutsa moto m'nyumba. Lachiwiri ndi lakuti maso ake saona patali. Amayenda ndi mphuno ndi ndevu, motsamira chipupa, ndipo amadzera njira imodzimodzi usiku uliwonse mpaka pamachita kamzere kakuda ka mafuta a thupi lake. Lachitatu ndi lakuti amakayika chinthu chilichonse chatsopano chimene wachipeza pa njira yake, nachilambalala masiku angapo asanachikhudze.

Masamu a m'nkhokwe

Aphunzitsi a masamu angathe kupereka funso ili kwa ana a Sitandade 6. Khoswe mmodzi wamkulu amadya magalamu pafupifupi 15 pa tsiku. Ngati pakhomo pali makoswe 20, adzadya zochuluka bwanji pa chaka? Yankho lake ndi magalamu 300 pa tsiku, ndiye kuti makilogalamu 109 ndi theka pa chaka, kuposa matumba awiri a makilogalamu 50. Apa sitinawerenge chimanga chimene amangochiboola kumtima nachisiya, ufa umene timataya chifukwa cha zitosi ndi mkodzo, ndi matumba amene awaboola. Banja limene chakudya chimalithera mu Januwale lidziwe kuti mwina china mwa chakudya cha Febuluwale chidakwera padenga.

Funso lachiwiri ndi la kuswana. Khoswe wamkazi amakhala ndi bere milungu itatu yokha, naswa ana asanu kufikira asanu ndi atatu, ndipo anawo pakatha miyezi itatu amayamba kuswa awo. Tiyerekeze kuti mkazi mmodzi aswa ana 6 kasanu pa chaka: amenewo ndi makoswe 30, tisanawerenge zidzukulu.

Nanga nchifukwa ninji nyumba zathu sizidzaza makoswe mpaka pakhomo? Chifukwa kuchuluka kwawo kumatsata kuchuluka kwa chakudya ndi malo obisalamo. Pamene chakudya chili chochepa, ana ambiri amafa asanakule. Apa ndi pamene mnyamata uja adaphonya. Atapha makoswe anai, chakudya cha anaiwo chidatsalira otsala, ana awo adakula onse, ndipo makoswe a nyumba zoyandikana adapeza malo opanda mwini. Adali kukapa madzi m'bwato lobooka.

Matenda

Choopsa kuposa njala ndi matenda. Mliri wa makoswe umayamba ndi kachilombo kamene Alexandre Yersin adakatulukira ku Hong Kong m'chaka cha 1894, ndipo mu 1898 Paul-Louis Simond adasonyeza kuti kamachoka kwa khoswe kufika kwa munthu kudzera m'nthata. Wodwala amatentha thupi kwambiri mwadzidzidzi, natupa mwanabere wopweteka m'khwapa, m'khosi kapena m'mphechepeche. Mankhwala ake alipo ku chipatala, koma wochedwa angathe kutaya moyo. Matendawa si a m'mabuku a mbiri yakale okha ai. Adabuka ku Nsanje m'chaka cha 1997 ndiponso mu 2002, ndipo ku Madagascar mu 2017 adagwira anthu oposa 2,000 napha oposa 200. Kapuku, poyenda pakati pa tchire ndi nyumba, amathandiza kubweretsa nthata za kutchire pafupi ndi anthu.

Nthata imakhala pa khoswe pamene ali wamoyo ndi wofunda. Akafa nazizira, imatsika kukafuna magazi ena, ndipo amene ali pafupi ndi munthu wogona pa mphasa. Kotero makoswe akayamba kufa okha m'mudzi, popanda wowathira mankhwala, tisasekerere. Tikauze alangizi a zaumoyo tsiku lomwelo. Pa nthawi ya mliri a zaumoyo amayamba apha nthata asanaphe makoswe, kuopa kuzithamangitsira kwa anthu.

Mkodzo wa khoswe umanyamulanso matenda otchedwa leptospirosis, amene amalowa m'thupi kudzera pa bala, m'maso kapena m'kamwa. Poyamba amaoneka ngati malungo, koma angathe kufika pa chikasu ndi kuononga impso. Akuluakulu amati khoswe amaluma chidendene uku akuuzira kuti mwini phazi asadzuke. Zouzirazo ndi nkhambakamwa, koma zolumazo ndi zoona, makamaka kwa ana amene agona osasamba m'manja, zala zikununkhira ndiwo. Bala lotere litsukidwe ndi sopo ndi madzi ambiri, ndipo mwanayo aonedwe ku chipatala.

Za poizoni

Poizoni wa makoswe alipo wa mitundu iwiri. Woyamba ndi wopha msanga, monga timibulu takuda tija timene ambiri amati tameki. Dzina lake lenileni ndi aldicarb, ndipo sadapangidwire makoswe. Ndi mankhwala a kumunda ophera tizilombo ta m'nthaka ndi ta pa mbewu, ndipo ali m'gulu la mankhwala oopsa kwambiri. Amagwira mitsempha. Wowadya amatuluka dovu ndi thukuta, amasanza, nabanika, ndipo timibulu tochepa tingathe kupha galu kapena mwana. Chodabwitsa nchakuti pa makoswe eniakewo sathandiza kwenikweni. Khoswe satha kusanza, kotero chakudya chachilendo amayamba wangolawa. Akamva m'mimba kupota koma osafa, nyambo imeneyo sadzaikhudzanso. Amafa ndi adyera ochepa, ochenjera natsala kuti aswane.

Wachiwiri ndi wopha pang'onopang'ono. Akatswiri a pa yunivesite ya Wisconsin ku America adatulukira warfarin, amene adayamba kugwira ntchito yophera makoswe m'chaka cha 1948. Mankhwalawa amaletsa magazi kuundana, ndipo khoswe amafa patapita masiku angapo, osazindikira chimene chamdwalitsa. Anthu adaganiza kuti nkhondo yatha. Koma pofika mu 1958 ku Scotland kudapezeka makoswe amene amadya warfarin osafa. Adapanganso ena amphamvu kuposa apo, tsono amenewa amakhalitsa m'chiwindi cha khoswe, kotero mphaka, galu kapena kadzidzi amene wadya khoswe wotere amadya ndi poizoni yemwe. Kuno kwathu tiganizirenso za kapuku amene wadya nyambo m'nkhokwe usiku nabwerera kumunda m'mamawa, kumene anyamata akukumba mbewa.

Wogwiritsa ntchito poizoni achite zimenezi njira zina zonse zitalephera. Agule wa m'paketi yolembedwa dzina ndi malangizo, wovomerezedwa ndi bungwe la Pesticides Control Board limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la m'chaka cha 2000. Nyamboyo aiike m'kabokosi kotseka kokhala ndi bowo lolowa khoswe yekha, kutali ndi ana ndi nkhuku, ndipo m'mawa uliwonse atole makoswe akufa. Mwana akadya poizoni, tisataye nthawi ndi kummwetsa mkaka kapena kumsanzitsa. Tithamangire naye ku chipatala, titatenga paketi kapena kapepala kamene mudali mankhwalawo, pakuti mtundu uliwonse uli ndi chithandizo chakechake.

Konza kapansi

Akale adati konza kapansi kuti kam'mwamba katsike. Khoswe amagona padenga, koma chimene chimamsunga pakhomo chili pansi. Ntchito yoyamba ndi kummana chakudya. Ufa, mtedza, nyemba ndi mpunga zikhale m'zitini, m'migolo kapena m'mbiya zovundikira ndi chinthu cholemera. Mbale ndi miphika zitsukidwe madzulo, osadikira m'mawa. Mkute uvundikiridwe, madeya a nkhuku asagone pabwalo, ndipo mtsuko wa madzi ukhale ndi chivundikiro, pakuti khoswe amafuna madzi tsiku lililonse. Dzala la kuseri kwa nyumba lisanduke dzenje lokwirira. Milu ya nkhuni, njerwa ndi mapesi ichoke m'mbali mwa chipupa, ndipo udzu wozungulira nyumba ulambulidwe. Khoswe amaopa kudutsa poyera, pamene mphaka ndi kadzidzi angamuone.

Ntchito yachiwiri ndi kutseka njira. Kambewa kakang'ono kamalowa pa bowo la mamilimita 6, loti pensulo ingolowa, ndipo khoswe wamng'ono amakwana pa bowo lolowa chala. Mabowo atsekedwe ndi simenti, kapena ndi dothi losakaniza ndi magalasi osweka. Kutseka ndi sanza kapena mapepala ndi kumpatsa khoswe zoyalira. Kunsi kwa chitseko kukhomedwe kachidutswa ka lata, m'mabowo olowera mphepo muikidwe waya wa sefa, ndipo nthambi za mitengo zogunda denga zisadzidwe.

Nkhokwe ifunika chisamaliro chapadera. Ikwezedwe pa mphanda zotalika mita imodzi, ndipo pa mphanda iliyonse pavekedwe lata lopindidwa ngati chipewa choyang'ana pansi, kuti khoswe akakwera agunde mutu nabwerera. Koma chipewacho chilibe ntchito ngati tatsamiritsa makwerero, khasu, munsi kapena njinga pa nkhokwepo. Osunga chimanga m'matumba awasanje pa thandala, atasiya mpata wa mkono umodzi pakati pa matumba ndi chipupa, kuti tsache ndi mphaka zizidutsa. Matumba osalowa mpweya, monga a PICS, amathandiza kwambiri pa anankafumbwe ndipo amabisa fungo la chimanga, komabe dzino la khoswe likawaboola mphamvu yawo yatha, kotero nawonso akhale pa thandala. Nkhokwe ya chitsulo ndi mgolo wotseka bwino ndizo zimene khoswe amazilephera.

Kutcha misampha

Chakudya chikasowa, khoswe wanjala amaiwala kukayika kwake, ndipo imeneyi ndiyo nthawi ya misampha. Diwa la makolo, la mwala wophwatalala, limagwira ntchito mpaka lero, chimodzimodzinso msampha wa sipuling'i wa m'sitolo. Ambiri amene amati misampha sigwira amalakwitsa malo ndi nthawi. Madzulo wazani phulusa losefa m'mbali mwa chipupa, ndipo m'mawa mapazi adzakuuzani njira yake. Msampha uikidwe pa njirayo, mbali ya nyambo itagunda chipupa. Popeza khoswe wathu ndi wokwera, misampha ina imangidwe ndi waya pamwamba pa chipupa ndi pa mitanda ya denga.

Kuona maso a nkhono nkudekha. Masiku awiri kapena atatu oyamba ikani nyambo pa msampha wosatcha, kuti adye nazolowera. Chiponde, usipa wootcha kapena chimanga chokazinga ndi nyambo zabwino, ndipo zimatidwe kapena kumangidwa kuti asangotola nkuthawa. Tsono usiku umene mwatcha, tchani yambiri nthawi imodzi. Misampha khumi pa masiku atatu iposa msampha umodzi pa mwezi wathunthu, pakuti usiku woyamba ndiwo umagwira ambiri, otsala asanachenjere. Masana ifwatuleni chifukwa cha ana ndi anapiye.

Khoswe wakufa asagwidwe ndi manja. Valani jumbo m'dzanja, mnyamuleni, nimumkwirire mozama pamene galu sangafukule. Zitosi zake muziyamba mwaziwaza madzi a sopo kapena a kolorini musanasese, kuti fumbi lake lisalowe m'mphuno.

Abwenzi amene timawapitikitsa

Mphaka ndi mlonda wabwino. Amagwira ana a makoswe, ndipo fungo lake lokha limawachepetsa ufulu. Pa yekha sangathe kutha makoswe pakhomo pamene chakudya chili mbwee, koma pakhomo posamalika amagwira mlendo aliyense wofuna kukhazikika.

Mnzathu wina ndi kadzidzi. Tonse tidakula tikumva kuti akalira padenga ndiye kuti kukudza maliro, ndipo ambiri tidamgenda. Chimene chimamuitanira padengapo ndi makoswe. Banja limodzi la akadzidzi lolera ana limadya makoswe ndi mbewa mazanamazana pa chaka. Mphunzitsi wofuna kutsimikizira ana zimenezi apite nawo pansi pa mtengo kapena m'nyumba yakale imene kadzidzi amagonamo. Adzapeza timibulu ta ubweya timene mbalameyi imalavula ikatha kudya. Akatiphwanya ndi kamtengo, ana adzaona okha tizigaza ndi mano a mbewa. Phunziro limodzi lotere lingathe kupulumutsa akadzidzi a mudzi wonse. Swiswiri nayenso, wa mlomo wosongoka uja, timangomphera kufanana ndi mbewa. Iye amadya mphemvu ndi tizilombo tina, ndipo chimanga chathu alibe nacho ntchito.

Mutu umodzi susenza denga

Khoswe sadziwa malire a pakhomo. Banja limodzi likasamala, la pafupi nkulekerera, makoswe amangodikira kutsidya kwa mpanda. Nchifukwa chake nkhondoyi ndi ya mudzi wonse, ndipo nthawi yabwino ndi pamene tangokolola, dzinthu zisanalowe m'nkhokwe. Nyakwawa itaitanitsa msonkhano, mabanja onse nagwirizana sabata imodzi yolambula, kukwirira madzala, kuveka nkhokwe zipewa ndi kutcha misampha usiku umodzimodzi, makoswe sangapeze kothawira.

Apa pali ntchito ya aphunzitsi ndi achinyamata amene atsiriza sukulu. Sukulu zambiri zili ndi chipinda chosungiramo mabuku, ndipo zina zili ndi ufa wa phala la ana. Chipinda chimenecho chikhale chitsanzo cha mudzi. Ana awerenge makoswe ogwidwa m'mawa uliwonse nalemba pa bolodi, ndipo adzaona okha chiwerengero chikutsika. Mnyamata kapena mtsikana wodziwa kudula lata angathe kupanga zipewa za nkhokwe kuchokera ku malata akutha, nagulitsa kwa anansi, napeza ya sopo uku akuteteza chakudya cha mudzi.

Mnyamata uja adayenda maulendo angapo asanapeze chikalata chomuikira umboni kuti mayeso adakhozadi, ndipo pamene ankachipeza ntchito ija idali itapita kwa wina. Adadzapeza ina patapita chaka. Nditakacheza kwa mai ake m'nyengo ina yokolola, ndidapeza nkhokwe itakwezedwa, mphanda zake zitavala zipewa za lata, ndipo mtedza wa mbewu udali mu mgolo. Pa thandala la matumba padagona mphaka wamng'ono wamawanga. Maiwo adalowa kuchipinda natuluka ndi chitini cha mabisiketi chotseka zolimba. Adachitsekula kuti ndione: mudali chikalata chija, makadi a ku sikelo a zidzukulu, ndi setifiketi yodyedwa ija, imene mwini wake adakana kuitaya.